Nyamalikiti wa Azakhali

Nkhani ino yabadwa chifukwa cha nsalu imodzi imene ili kwathu ku Mchinji, m'nyumba ya azakhali anga. Ndi nsalu ya thonje ya mamita awiri, ndipo pakati pake pali anyamalikiti atatu oyenda motsogozana, dzuwa lofiira likulowa kumbuyo kwawo. Anaijambula ndi azakhaliwo, ndi manja awo, pa maphunziro a sabata imodzi amene bungwe lina linachititsa pa boma pofuna kuphunzitsa amayi a m'midzi luso lokongoletsa nsalu kuti azipezerapo ya sopo ndi mchere. Nditapita ku tchuthi anandionetsa nsaluyo monyadira, ndipo ndisaname, ntchito yake ndi yaukhondo: mizere ndi yowongoka, utoto sunadumphe malire, ndipo ataichapa kawiri sinasuluke.

Ndinawafunsa kuti, "Kodi azakhali, nyama imeneyi munaionapo?" Iwo anaseka nati, "Ndikaionere kuti mwana iwe? Anatipatsa pepala lojambula kale, ife n'kumangotsata. Akuti azungu amakonda zimenezi."

Muyenera kudziwa kuti azakhali angawa si munthu wamba pa nkhani ya zojambula. Ndi namkungwi wa m'mudzi mwathu. Kwa zaka zambiri akhala akuumba chingondo, chija anamwali amavala kumutu, nachikongoletsa ndi madontho oyera, ofiira ndi akuda, ndipo amadziwa chifukwa chake dontho lili apa osati apo. Zina zimene amaumba ku tsimba ine sindinazione ndipo sindiyenera kuziona. Akatswiri amene anafufuza zithunzi za pamiyala ya ku Chongoni ku Dedza, zija bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, amati zambiri mwa zithunzi zoyera za kumeneko anajambula ndi amayi a mtundu wa Achewa polangiza anamwali. Ndiye kuti azakhali ali mu mzera wa ojambula umene ndi wakale kuposa sukulu iliyonse ya m'dziko muno. Munthu wotereyu ndiye anapatsidwa pepala la nyamalikiti kuti atsate mizere ngati mwana wa sitandade 1.

Sindikunyoza maphunziro a luso m'midzi ayi, ndipo ndikadakonda atachuluka. Chimene ndikutsutsa ndi maganizo amene ambiri mwa maphunzirowa amabwera nawo, oti munthu wa kumudzi ali ndi manja okhaokha, koma kusankha chojambula, kusankha choonetsa pagulu, ndi kufotokoza tanthauzo lake, zonsezo ndi ntchito ya ena. Ife tazolowera kulandira ntchito ya manja n'kuthokoza, osafunsa kuti ntchito zinazo zatsalira ndani.

Tiyambe ndi nsalu, pakuti ndi imene aliyense amaidziwa. Munthu wa ku Mchinji safuna mphunzitsi kuti awerenge chitenje. Boma lathu lili pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Chipata, makilomita ngati 12 kuchokera pa chipata cha Mwami, ndipo zitenje zimadutsa pamenepo usana ndi usiku, zina pa geti, zina m'tinjira ta m'minda. Mayi wa pa msika wa Kamwendo akaipikitsa nsalu ndi zala ziwiri wadziwa kale ngati ndi yolimba kapena angoikhutitsa sitachi. Ndipo chitenje chimayankhula. Cha chipani, cha Chigwirizano, cha amayi a Katolika, cha ku Kulamba chokhala ndi nkhope ya Kalonga Gawa Undi, chilichonse chimanena kumene wovalayo waima iye asanatsegule pakamwa. M'nthawi ya Kamuzu mbumba inkavala nkhope yake yodindidwa ku fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973, lija linkaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi aafupi, linathandiza kuti chitenje chisanduke ngati yunifolomu ya fuko. Chiyambire 1994 nkhope zachuluka ndipo mitundu yachuluka, yachikasu, yabuluu, yaolenji, koma chinthu chimodzi sichinasinthe: mayi wovala chithunzi sindiye anachiganiza. Iye amangosankha pakati pa zimene ena anasankha kale ku fakitale kapena ku likulu la chipani, ndipo msana wake ndi khoma lopachikapo uthenga wa eni ake. Tsono maphunziro aja akadakhala mwayi woyamba woti mayi wa ku Mchinji aike pa nsalu chithunzi cha m'mutu mwake. Mwayi umenewo anadya ndi nyamalikiti.

Nyamalikitiyo sanagwe kumwamba. Mukaoloka pa Mwami, n'kudutsa Chipata, n'kutsetserekera ku chigwa cha Luangwa, mufika ku Mfuwe kumene kuli anyamalikiti enieni, ndiponso kumene Gillie Lightfoot anayambitsa ntchito yokongoletsa nsalu yotchedwa Tribal Textiles m'chaka cha 1991. Njira yawo ndi yanzeru ndiponso yosafuna makina ambiri. Amajambula mizere pa nsalu ndi phala la ufa ndi madzi, nkuyanika padzuwa. Phalalo likauma amapaka utoto ndi manja m'mipata yonse, nkuotcha nsaluyo mu uvuni kuti utoto ugwire, kenaka nkuchotsa phala lija, ndipo pamene panali phala pamatsala mizere yoyera. Njira imene azakhali anaphunzitsidwa ndi yofanana ndi imeneyi. Ku Mfuwe ntchitoyi yapatsa anthu ambiri malipiro m'dera limene ntchito ndi zosowa, ndipo kumeneko nyamalikiti sanama: wojambula amamuona ndi maso, ndipo wogula anaulukira kutali kudzaona nyama yomweyo. Dzina loti Tribal limandiyabwa m'khutu, pakuti limaonetseratu kuti nsaluyo ikuyankhula ndi mlendo, koma bola kumeneko mlendoyo alipo.

Nanga ku Mchinji? Alendo athu ndi madalaivala a mathiraki, mavenda a mtedza ndi soya, ndi osintha ndalama a pa chipata. Mzungu wopita ku Luangwa amadutsa pa boma galasi la galimoto lili chitsekere. Mnzanga wina titakambirana nkhaniyi anandiuza kuti ndikuyankhula chifukwa ndakhuta nsima ya ku kafeteriya, kuti mayi wa kumudzi akufuna ndalama osati tanthauzo. Mawu amenewa ndi olasa ndipo ndawalingalira. Komatu mwa nsalu zinayi zimene azakhali anapanga anagulitsa imodzi yokha, ndipo anaigula ndi mlangizi yemwe anawaphunzitsayo. Chithunzi chobwereka chinalephera ngakhale pa muyeso wa mnzangayo.

Malo amene anayesa mozama kuchita zosiyana ndi izi ali ku Mua m'boma la Dedza. Ngakhale si kwathu, nkhani ya Mua ndi yathu ndithu, pakuti ansembe a White Fathers amene anatsegula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902 ndi omwewo anatsegula Kachebere kwathu ku malire m'chaka cha 1903, ndipo konsekonse anakumana ndi gule wamkulu. Amene anawerenga zimene Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden analemba m'chaka cha 1972 akudziwa m'mene mpingo ndi dambwe zinalimbirana ana a m'midzi, makamaka m'zaka za m'ma 1920: ansembe ankati gule ndi wa Satana, ndipo a kudambwe anayankha mwa njira yawo, natulutsa pabwalo Maliya ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Ndi pa malo omwewo a nkhondoyo pamene Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anafika m'dziko muno m'chaka cha 1967 ndipo anadzatchedwa Chisale, anayambitsa Kungoni m'chaka cha 1976. Anasonkhanitsa amuna osemasema, nagwira nawo ntchito zaka zambiri, ndipo zosema zawo zinalowa m'matchalitchi a m'dziko muno ndi kunja komwe, monga m'kachisi wa bungwe la Missio ku Munich. Pambuyo pake panamangidwa myuziyamu ya Chamare, dzina limene anthu a ku Mua anapatsa mmishonale wakale Champmartin. Muli zipinda zitatu, ndipo m'chipinda cha pakati muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400. M'chaka cha 2012 a Boucher anatulutsa buku lofotokoza magulewa lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance.

Ndiyambe ndi kuvula chipewa. Ku Kungoni luso silinaphunzitsidwe pa sabata imodzi ya alawansi ndi fanta. Munthu ankakhala pambali pa mnzake wodziwa mpaka sompho ndi tchizulo zitamuzolowera. Osema sanapatsidwe nyamalikiti. Analimbikitsidwa kuyang'ana m'mudzi mwawo, kotero kuti m'zosema za ku Mua nkhani za m'Baibulo zimachitikira pakati pa mitondo, nkhokwe ndi malichero, ndipo nkhope zake ndi za anthu amene mungakumane nawo pa msika wa Mtakataka. Ndiponso a Boucher anakhala pansi zaka makumi angapo kufunsa akuluakulu dzina la gule aliyense, nyimbo yake, ndi mwambo umene amanyamula. Ife a pa koleji, ndi madigiri athu onse, tilibe chosonkhanitsa chofanana nacho, ndipo tiyenera kuchita manyazi tisanayambe kutola zifukwa.

Komabe nditalowa m'chipinda cha pakati chija ndinamva ngati ndalowa pa maliro pamene palibe wolira. Gule wamkulu si nkhope. Ndi mbalule ndi mpanje zikuyankhana, ndi fumbi, ndi amayi akuomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, ndi ana akuthawira kuseri kwa nkhokwe nkubweranso. Mukachotsa zonsezi chotsala ndi mtengo wopakidwa utoto, nthenga ndi sanza. Kwa mlendo chipindacho ndi chodabwitsa. Kwa ine amene ndinakula ndikuthawa Kang'wing'wi, kumuona ali duu, wosandithamangitsa, kunali ngati kuona agogo aamuna atavulidwa pagulu. Ndipo taganizani za Kasiyamaliro. Chilombo chimenechi chimalukidwa ndi makoko a chimanga, ndipo mwambo wake ndi woti chikatha ntchito yoperekeza mzimu chimatenthedwa. Kutha kwake ndi mbali ya tanthauzo lake. Myuziyamu ntchito yake ndi kuletsa zinthu kutha, kuziteteza ku chiswe, ku chinyontho ndi ku moto. Apa pali kusamvana kumene ubwino wa mtima wa wosunga sungathetse.

Vuto lachiwiri ndi la tanthauzo. Gule ndi nyuzipepala ya mudzi. Galimoto itafika m'dziko muno, pabwalo panatuluka Galimoto. Ndege itayamba kuuluka, panatuluka Ndege. Ndipo mpaka lero munthu wotchuka akachita zachilendo asadabwe kukumana ndi nkhope yake pabwalo. Nyimbo imasintha, ndipo gule wa dzina limodzi akhoza kunena china ku Mtakataka, nanena china kwa Mkanda kapena kwa Mavwere. Buku likalemba tanthauzo limodzi, tanthauzolo limauma ngati phala la pa nsalu lija. Ndinamvapo wophunzira mnzathu akutsutsa mkulu wina wa kwawo za gule wa m'mudzi mwawo momwe, umboni wake uli woti buku silinatero. Mlandu umenewu si wa a Boucher, ndi wathu owerenga, koma ukuonetsa mphamvu imene wofotokoza ali nayo. Ndiponso, mwa kuona kwanga, kafotokozedwe ka ku Mua kamakonda kupeza phunziro la makhalidwe abwino mwa gule aliyense, ngati kuti bwalo ndi kalasi ya katekisimu. Mwambo ulimo, sindikana. Koma mulinso zolaula, mulinso kuopseza, mulinso kuseka kopanda phunziro lililonse, ndipo gule wochapidwa bwino kuti alowe m'nyumba ya ansembe wasiya zina panja. Tionjeze kuti buku lija, ngakhale lasunga nyimbo m'Chichewa, kufotokoza kwake kuli m'Chingerezi, kotero eni ake a magulewo ambiri sangathe kuwerenga kuti aone ngati anawamva bwino.

Azungu ali ndi dzina la munthu amene amasankha zoonetsa m'myuziyamu, naziyala, nalemba timapepala tofotokoza: amamutcha curator. Ife timadandaula kuti Chichewa chilibe mawu ake, ndipo timaganiza kuti ntchitoyo ndi yachilendo, yofunika kukaiphunzira ku London. Koma pitani pabwalo tsiku la gule mukaone tsabwalo ndi wakunjira. Iwo ndiwo amadziwa gule woyamba kutuluka ndi wotsiriza, mbali imene atulukire kuchokera ku liunde, pamene amayi aime ndi pamene alendo akhale, nthawi yoti ng'oma isinthe, ndi chilombo chimene sichituluka wamba, monga Njovu imene imasungidwira maliro a mfumu kapena munthu wamkulu. Ali ndi chilolezo chochokera kwa mwini mzinda, ndipo akalakwitsa amayankha mlandu. Namkungwi nayenso chimodzimodzi. Ngati kusankha, kuyala ndi kufotokoza ndiyo ntchito ya curator, ndiye kuti mudzi uliwonse wa mzinda ku Mchinji uli naye kale. Ndipo anthu amenewa amadziwa chinthu chimene masukulu a za myuziyamu achedwa kuphunzira, choti theka la ntchitoyi ndi kudziwa chosaonetsa.

Ndisakometse zinthu mopitirira. Chinsinsi chomwecho chabisapo zoipa. Anyamata ena anasiyira sukulu ku dambwe, anthu odutsa anamenyedwapo popanda chifukwa, ndipo atsikana ena anatuluka ku tsimba nkulowa m'banja asanakhwime. Mafumu akuluakulu a Achewa eni ake akhala akudzudzula zimenezi. Sindikunena kuti tsabwalo ndi mngelo. Ndikunena kuti maphunziro a za myuziyamu amene amayamba osamufunsa iye ali ngati munthu wophunzitsa usodzi ku Nkhotakota amene sanayambe wakwerapo bwato.

Pali chinanso chimene Mchinji ingatiphunzitse. Nyumba zathu zosungiramo zakale zili kutali: ya Chichiri ku Blantyre imene inatsegulidwa m'chaka cha 1966, ya ku Mangochi, ya ku Mzuzu, ndi ya ku Karonga ya m'chaka cha 2004. Mwana wa kwa Kapiri akhoza kumaliza folomu 4 asanapondemo m'nyumba yotere. Koma ngakhale boma litatimangira yathu mawa, kodi idzanena nkhani yanji? Myuziyamu ya boma imakonda kunena nkhani ya dziko, yothera pa mzere wa pa mapu, pamene nkhani ya Mchinji siithera pa Mwami. Mwezi wa Ogasiti Achewa a kwathu amapita ku Mkaika ku Katete kukalamba kwa Gawa Undi, pamodzi ndi anzawo a ku Zambia ndi ku Mozambique. Mwezi wa Febuluwale Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amapita ku Mtenguleni ku Nc'wala ya Mpezeni. Dzina lakale la boma lathu, Fort Manning, ndi lotsala la nthawi imene atsamunda ankalimbana ndi Angoni a Mpezeni omwewo, ndipo mwana wa Mpezeni, Nsingo, anaomberedwa ndi asilikali a Britain m'chaka cha 1898. Kutsidya, kwa Feni pafupi ndi Chipata, Angoni anakhazikitsa myuziyamu ya m'mudzi yotchedwa dzina la Nsingoyo. Nkhani yathu ina ili kumeneko. Woyala zinthu wochokera ku likulu adzaidula pakati kuti ikwane m'kabati ya Malawi. Munthu amene azibale ake ali mbali zonse ziwiri sangatero.

Tsono ngati nkhope ya gule ikapachikidwa imafa, ndipo nsalu ikatsata wogula imanama, kodi maphunziro a luso a kwathu agwire pati? Ine ndikuona kuti yankho lili mu luso limene timalinyalanyaza kwambiri m'dziko muno, la zithunzi zodinda. Zofunika zake ndi zochepa: kathabwa kosalala, timipeni tosemera, inki, pepala, ndi supuni yopikitsira kumbuyo kwa pepalalo. Munthu amasema chithunzi pa thabwa, napaka inki, nadinda, ndipo thabwa limodzi limabala zithunzi makumi angapo. Dzanja lozolowera sompho silingavutike nalo, ndipo thabwa lomwelo likhoza kudinda pa nsalu.

Anthu awiri amene anaonetsa mphamvu ya luso limeneli m'chigawo chino cha Africa anabadwa chaka chimodzi, 1943, namwaliranso chaka chimodzi, 1987. Wina ndi Henry Tayali wa ku Zambia, amene anaphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf, nagwira ntchito pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka. M'zithunzi zake zodinda simupezamo dzuwa likulowa kumbuyo kwa nyama. Mupezamo anthu othithikana m'malo omwera mowa ndi m'misika, nkhope zotopa za m'makomboni. Winayo ndi John Muafangejo wa ku Namibia, amene anaphunzira ku Rorke's Drift ku South Africa, pa sukulu ya luso ya mpingo wa Lutheran imene inkaphunzitsa anthu akuda kudinda zithunzi, kuluka ndi kukongoletsa nsalu m'nthawi ya tsankho. Chimene chimandigwira mtima mwa Muafangejo ndi choti ankasema mawu m'kati mwa chithunzi momwemo, kufotokoza yekha chimene chikuchitika: za mpingo wake, za mbiri ya anthu a kwawo, za matenda ndi kusungulumwa kwake. Wodinda amasema zilembo chobwerera m'mbuyo kuti zituluke bwino pa pepala, ndipo iye anavutikira zimenezo chaka ndi chaka. Zotsatira zake ndi zoti chithunzi chake chikapachikidwa kulikonse, kapepala kofotokoza kamakhala kochedwa: mwini wake wayankhula kale, ndipo simungachotse mawu ake osang'amba chithunzicho.

Taganizani tsono mkulu wa kudambwe wa kwa Simphasi atadinda gule monga amaonekera pabwalo, ndi fumbi lake, ndi amayi ake oimba, nasema pansi pake m'Chichewa chimene gule ameneyu akunena chaka chino m'mudzi mwawo. Chimene mwambo sulola sangachiseme, ndipo palibe amene angamukakamize. Chithunzi chimodzi chikhoza kupita ku Mua, china ku Chichiri, china kwa Feni, china nkupachikidwa m'kalasi ya pulayimale, koma thabwa latsala kwawo ndipo gule watsala ku dambwe. Chaka cha mawa nyimbo ikasintha asema thabwa lina. Ife olemba tiyenera kumvetsa zimenezi msanga kuposa ena, pakuti a Writers Group amene anayamba kukumana ku Chancellor College m'chaka cha 1970 anapulumukira pa luso lomweli: Odi ndi The Muse zinkatuluka pa masitensulo, pepala limodzi lobooka nkubala makope ambiri otchipa oyenda m'manja m'manja.

Mlandu wina uli pa ife tomwe. Chaka chilichonse ophunzira a pa koleji amapita m'midzi ndi makina ojambulira mawu, nafunsa anamkungwi ndi atsabwalo, nabwera kudzalemba m'Chingerezi nkhani imene imakathera pa shelefu ya dipatimenti. M'nkhanizo wofunsa ali ndi dzina pachikuto, woyankha amangotchedwa mayi wina wachikulire. Kusiyana kwathu ndi mlangizi wa nyamalikiti uja ndi kochepa: iye anabweretsa chithunzi nabwereka manja, ife timabweretsa mafunso nkubwereka pakamwa. Ngati a ku dipatimenti ya zaluso akufuna kukachititsa maphunziro ku Mchinji, ndikupempha kuti masiku awiri oyamba asatulutse utoto m'katoni. Afunse kaye kuti m'chipindamo ndani amaumba, ndani amaluka, ndani amayendetsa bwalo. Tsiku lomaliza, pokonza chionetsero, ophunzirawo ayale okha zinthu zawo, alembe okha timapepala m'Chichewa ndi maina awo ndi midzi yawo, ndipo pamene akuluakulu akana kuonetsa, pakhale popanda kanthu, kapepala kanene kuti eni ake akana.

Tchuthi chathachi ndinapezanso nsalu ija, tsopano ikugwira ntchito ya katani pa khomo la kuchipinda. Ndinawafunsa azakhali kuti akadawalola kusankha okha akadajambula chiyani. Anakhala chete akusenda mtedza, kenaka anati akadajambula sikelo ya venda yopachika pa mtengo wa mango, thumba la mtedza likulendewera, muvi wa sikelo utabwerera m'mbuyo, ndi amayi ataima pamzere akuyang'ana muviwo osati vendayo. Anati nsalu imeneyo akadaivala okha popita ku msika, ndipo akudziwa amayi khumi amene akadaigula tsiku lomwelo.

Ndinati, "Nanga zija za ku tsimba, azakhali, simukadajambulako pang'ono?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Zimenezo anazijambula kale amene anayenera kuziona. Tapatseni lichero ilo."